Nyimbo ya Kuseri kwa Chitseko

Mwezi wathawu ndinatsala pang'ono kuyambana ndi munthu wosamudziwa m'minibasi, nkhani yake nyimbo. Titangonyamuka pa Msundwe, dalaivala anatsegula wailesi, ndipo munatuluka nyimbo ija imene kwathu timangoitchula kuti ya kuseri kwa chitseko. Oimbawo anaithira makiyibodi ndi ng'oma, n'kumaithamangitsa ngati anthu oopa mvula. Bambo wina wa jekete amene ndinakhala naye mpando umodzi anayamba kufotokozera mnzake kuti nyimbo imeneyi inabwera ndi azungu a mishoni, ati inali ya Chilatini, akatswiri ndiwo anaiika m'Chichewa. Ankanena motsimikiza, chala chili m'mwamba. Ine mtima unawira. Ndinati ndiwayankhe, koma ndinakumbukira kuti mwini wake wa nyimboyo anakhala zaka zambirimbiri akumva mabodza otere osatsutsa, ndiye ndinangoyang'ana pawindo. Kukhala chete si khalidwe langa, ondidziwa angakuuzeni. Tsono zimene ndinameza tsiku limenelo ndizilemba pano.

Nyimbo imeneyi inabadwira m'chigafa cha fodya, kumudzi kwathu cha ku Nsaru. Anaipeka ndi amayi anga ondibereka, munthu amene sanapondepo m'kalasi.

Bambo anga anali ndi akazi awiri. Oyambawo, amene ife ana tinkawatchula kuti amayi akulu, ndiwo anamanga nawo ukwati wa m'tchalitchi, wodalitsidwa ndi wansembe. Anakhala zaka zingapo opanda mwana. Achibale a bambo anayamba kulankhulalankhula, monga achitira achibale, mpaka bambo anakatenga amayi anga, mtsikana wa mudzi wa tsidya la dambo. Onse awiri anabwera chitengwa, nyumba ziwiri pabwalo limodzi, nkhokwe pakati. Ana tinabadwa anayi, ine ndine woyamba.

Lamulo la mpingo wathu pa nkhani imeneyi silibisika. Mwamuna wa mitala ndi mkazi wachiwiri amaimitsidwa masakramenti. Kupemphera apemphere, kusesa m'tchalitchi asese, koma nthawi yolandira Ukaristia ikakwana, anzawo akamapita kuguwa, iwo amatsala pabenchi. Bambo zinawanyansa, anangosiya kupitako. Lamulungu lililonse ankakhalira kukonza njinga yawo, imene inalibe vuto lililonse. Amayi akulu ankalandira, poti iwo analibe mlandu. Amayi anga ndiwo sanajombepo. Ankalawirira kuposa aliyense, n'kukakhala pabenchi yomalizira, kuseri kwenikweni kwa chitseko, pamene osesa ankatsamiritsapo matsache. Chinthu chimene ankachilakalaka pamoyo wawo wonse chinali chimodzi: kudzayenda mtunda wochokera pabenchiyo kukafika kuguwa. Njira zake zinali zitatu basi. Athetse banja ana ali anayi, kapena amwalire amayi akulu kuti iwo adalitse ukwati, kapena amwalire bambo.

Ndili mwana ndinkangodziwa kuti nyimboyi ndi ya tchalitchi chathu. Anthu ankati amayi akulu ndiwo anaimva ku Nambuma atapita kukaona abale, n'kubwera nayo. Ndime yake yoyamba imati:

Ndili kuseri kwa chitseko, Mbuye,
fungo la chakudya chanu landipeza.
Sindifulumira,
mukandiitana ndidzabwera.

Pa mawu akuti sindifulumira pali kachizolowezi kamene alendo kamawasokoneza. Mukangowatchula mumasiya kuimba, tchalitchi chonse zii, kwa nthawi yokwanira kupuma kamodzi kakutali, kenako n'kupitiriza. Mlendo amalowa msanga yekhayekha, n'kuchita manyazi. Kunabwerapo mphunzitsi wina wa kwaya wodziwa kuwerenga manotsi, amene anati kupumako n'kulakwitsa kwa anthu a kumudzi, ndipo anavutika miyezi ingapo kuti akuchotse. Iye ankagwedeza dzanja kuti pitirizani, azimayi n'kumangomuyang'ana, pakamwa atatseka. Anatopa yekha.

Chizolowezi china chinali chakuti nyimboyi sinkayambitsidwa ndi kwaya. Wansembe akatsika paguwa ndi chikho, kwaya inkadikira, ndipo mawu ankachokera kumbuyo, kwa amayi anga. Anali ndi mawu aang'ono koma omveka, osanjenjemera. Akaimba mzere woyamba, tchalitchi chonse chinkalandira, anthu n'kuyamba kufola. Iwo ankaimba mpaka womalizira atabwerera pampando, manja ali pamiyendo.

Ine zimenezi zinkandiwawa, sindibisa. Tsiku limene ndinalandira koyamba, nditavala diresi loyera limene amayi anandisitira okha ndi simbi ya makala, ndinayenda kupita kuguwa mawu awo akunditsata kumbuyo, ndipo m'malo mopemphera ndinkangomeza misozi. Mkwiyo wanga wonse ndinauthira pa amayi akulu. Ndinkawaona akuyenda pamzere, manja atapinda, mutu atawerama, ine n'kumati mumtima: taonani kudzionetsera. Komatu anali munthu amene ankandisungira mbatata yootcha m'chitenje, amene ankandichotsa matekenya ndi pini osandipweteka. Mwana ndi mwana, mbatata ndinkadya, chidani ndili nacho. Ndinkawaseka ngakhale kaimbidwe, poti mawu awo anali ngati wilibala yosathira mafuta.

Chidani chimenechi ndinakula nacho mpaka ndinakwatiwa, tikukhala cha ku Chitedze. Chaka china amayi akulu anadwala kwambiri, anawagoneka m'chipatala, ndipo wowadikirira anali amayi anga. Ndinapita kukazonda masana ena, ndinapeza odwalawo ali chigonere, maso atatseka, atatha thupi. Amayi anali pambali ndi kapu ya phala akudikira kuti adzuke. Ndinayang'ana nkhope ija, ndinayang'ana amayi anga amene tsitsi linali litayamba kuyera, ndipo lilime langali, limene landiika m'mavuto kambirimbiri, linachita zake.

Ndinanong'ona kuti, "Amayi, kapena Mulungu wakumverani. Akapita awa, inu ndi abambo mudalitsa ukwati, muyamba kulandira."

Amayi sanandimenye, ngakhale ndikanakonda akanandimenya. Anaika kapu pansi pang'onopang'ono, n'kundiyang'ana ngati akuona munthu wachilendo.

"Iwe, ukufuna ndipite kuguwa popondera pamanda pa mnzanga? Mkate umenewo ungandidutse pakhosi?"

Kenako anandipatsa nsalu zakuda za odwalawo kuti ndikachape kumpopi. Ndinachapa ndikulira ndi manyazi, ndipo nditabwerera sanaitchulenso nkhaniyo, ngakhale tsiku lina lililonse pambuyo pake.

Amayi akulu anachira, anthu onse anadabwa. Patapita miyezi ndinapita kumudzi nthawi yokolola, ndipo anandiitana kuti ndikawathandize kuswa mtedza pakhonde pawo. Taswa pang'ono, anandiuza osandiyang'ana n'komwe kuti tsiku lija anandimva, poti makutu sadwala. Ine ndinafuna nthaka ing'ambike ndilowemo. Iwo anangoseka, nati ndisanjenjemere, mwana wokonda mayi ake amatero, koma popeza ndakula mpaka kumagawa imfa, ndi bwino ndidziwe kumene inachokera nyimbo imene ndimaimba Lamulungu lililonse.

Anati chaka chimene amayi anga anabwera pakhomopo, awiriwo sankalankhulana. Moni yekha, nayenso wa pakhosi. Anavomera okha kuti akaona mtsikanayo atatsala pabenchi iwo akupita kukalandira, mtima unkawakomera. Ankati mwamuna wandilanda, mimba watenga, koma apa pokha ndamposa. Ndiye inafika nyengo yosoka fodya, ntchito imene siona kuti mumakondana kapena ayi. Fodya akathyoledwa amafunika asokedwe tsiku lomwelo asanapse, ndiye awiriwo ankakhala m'chigafa tsiku lonse, atafulatirana, mulu wa masamba uli pakati, manja ali bii ndi utomoni. Amayi anga pa nthawiyo anali ndi pakati pa ine.

Amene sanasokepo fodya ndimufotokozere. Umagwira singano yaitali, ife tinkasula ya sipoko ya njinga, n'kumabaya masamba pamtsitsi wake, limodzi, lina, lina. Akakwana umaima, n'kukoka chingwe mpaka chidutse monse, kenako umamanga n'kukoloweka pamkangala, ndodo ija yoyanikapo. Pokoka chingwepo suthamanga, ukathamanga tsamba limang'ambika. Munthu woimba akusoka amangopezeka kuti wasiya kuimba pamenepo, mpweya uli m'chifuwa, maso ali pachingwe.

Amayi akulu anati anayamba kumva mtsikanayo akung'ung'udza kanyimbo kosadziwika, masiku angapo, mawu osamveka bwino. Poyamba anaganiza kuti akuwaimbira iwo, monga achitira akazi a mitala pamtondo, kutukwanizana m'nyimbo. Anatchera khutu kuti agwire chipongwecho akanene kwa bambo. M'malo mwake anamva za chitseko, za fungo la chakudya, kenako sindifulumira, chingwe n'kumakokedwa. Anati mawu amenewo anawalasa, chifukwa ankadziwa bwino lomwe chimene chikanamufulumizitsa mtsikanayo kukafika kuguwa: maliro awo. Ndipo apa anali kuuza Mulungu wake, osadziwa kuti wina akumva, kuti asafulumize kanthu. Amayi akulu anadzuka ngati akupita kuthengo, anakaima kuseri kwa chigafa n'kulira mpaka kukhuta. Pobwera anakhala moyang'anana naye, namufunsa ngati msana sukumupweteka. Kuyankhulana kwawo kunayambira pamenepo.

Nanga za ku Nambuma zija? Ndinafunsa. Anaseka mpaka kutsokomola. Anati ku Nambuma anapitadi chaka chimenecho, koma chimene anabwera nacho ndi mbewu ya nyemba basi. Nyimboyo anaiba m'chigafa, n'kukaiphunzitsa azimayi a mphakati, gulu lija la mabanja oyandikana limene limapempherera pamodzi mkati mwa sabata. Akananena zoona kuti waipeka ndi mkazi wachiwiri wa mwamuna wawo, aliyense akanati ndi nyimbo ya pamtondo, ya nsanje za pamitala, ndipo akuluakulu a tchalitchi sakanailola kulowa pakhomo. Koma chinthu chochokera kutali anthu amachilemekeza. Anati bodzalo anakalapa kwa wansembe, koma kulibweza ndiye sanalibweze.

Amayi anga sanadziwe kanthu mpaka Lamulungu limene azimayiwo anakonza zoiimba koyamba. Woyambitsa anali amayi akulu, ndi mawu awo aja. Anaiyamba pamwamba kwambiri, inakhota, azimayi anasokonezeka, ena anayamba kuseka m'zitenje. Nyimbo ili pafupi kufa, kumbuyo kwa tchalitchi kunamveka mawu aang'ono akuitola, n'kuiika m'njira yake. Mwini wake analephera kupirira kumva nyimboyo, mwana wake, ikuzunzika. Kuyambira tsiku limenelo kwaya inkangodikira kumbuyo.

"Ndinati munthuyu ngati sangafike kuguwa, bola mawu ake azifika," anatero amayi akulu, akupeta makoko a mtedza. "Ukanene kwa anthu ndikadzafa. Panopa ungandichititse manyazi."

Ndinabwerera kwathu ndili munthu wina. Kupsa mtima sindinasiye, ndinganame, koma amayi akulu ndinayamba kuwakonda ndi mtima wonse, ndipo ndinkachita manyazi ndikakumbukira mbatata zija.

Panapitanso zaka zambiri, amayi akadali pabenchi yawo. Adzukulu awo anabatizidwa, analandira koyamba, ena mpaka kukwatira, iwo akuyambitsa nyimbo kuseri kwa chitseko. Kenako bambo anamwalira, atakalamba ndithu, atadwala masabata owerengeka. Wansembe anabwera kudzawadzoza mafuta, ndipo anapita mwamtendere, akazi awo awiri ali pambali. Onse awiri anawalira moona. Titameta maliro, akatekisiti anabwera kudzauza amayi kuti tsopano palibe chowatsekereza, angoyamba maphunziro a obwerera ku masakramenti, alape, alandire.

Mukuganiza kuti anathamanga? Ayi ndithu. Anati anthu anganene kuti ankangodikira imfa ya mwamuna. Dzinja linadutsa, fodya anasokedwa, iwo ali phee pabenchi. Ine ndinalankhula mpaka malovu kuuma, osandimvera. Amene anawatha ndi amayi akulu, amene pa nthawiyo ankayendera ndodo. Anawauza kuti iwo atopa kupita okha kutsogolo, ndipo ngati akudikira kuti nawonso afe kaye, anene poyera. Amayi anayamba maphunzirowo sabata yomweyo, gogo wa imvi atakhala pakati pa achinyamata, akuyankha mafunso a katekisimu amene ankawadziwa kuposa wophunzitsayo.

Tsiku lake linali Lamulungu lotsatira Pasaka. Tonse ana tinabwera, ndi adzukulu, tchalitchi chinadzaza mpaka ena kuima m'mawindo, poti nkhani inali itamveka midzi yonse. Tinawagulira chitenje chatsopano ndi nsapato, koma nsapatozo anazikana, ati zingawagwetse. Akuluakulu anawakonzera malo kutsogolo, malowonso anawakana, anakakhala pabenchi yawo pafupi ndi matsache, ine pambali pawo. Tinali titakonza zonse, chakudya, zovala, wojambula zithunzi. Chimodzi chokha palibe anachiganizira, ngakhale kwaya, ngakhale akatekisiti, ngakhale ine wodzitcha wanzeru: nyimbo ayambitsa ndani?

Wansembe anatsika ndi chikho, naima. Kwaya inadikira kumbuyo monga mwa masiku onse, poti mwa oimba onsewo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaiyambitsapo chibadwire. Anthu sanafole, chifukwa kwathu mzere umayamba nyimbo ikayamba. Ndinayang'ana amayi. Anali ataimirira, atagwira benchi ya patsogolo pawo ndi manja onse awiri, milomo ikugwedera koma mawu osatuluka. Ndinawagwira pachigongono kuti tiyeni, ndinapeza thupi lonse lili gwa, miyendo yakana. Munthu amene anadikira moyo wake wonse, chitseko chatseguka, akulephera kuponya phazi. Ine ndinachita mantha kuti akhalanso pansi, ndipo ndinkawadziwa amayi anga, akanakhala pansi tsiku limenelo sakanadzayesanso.

Ndiye tinamva ndodo pasimenti. Amayi akulu anali atadzuka kutsogolo kumene ankakhala, akubwera kumbuyo, pang'onopang'ono, tchalitchi chonse chikuwayang'ana. Atafika anandikankha ine ndi ndodoyo ngati akuingitsa nkhuku, nagwira amayi padzanja. Kenako anatsegula pakamwa, wilibala ija n'kuyamba kulira. Anaiyamba pamwamba kwambiri ngati kale lija, inakhota pomwe inakhotera kale, ndipo palibe anaseka. Azimayi anailandira, abambo analowa pansi pake, inawongoka.

Anayamba kuyenda awiriwo, wina kutsamira mnzake, osadziwika kuti akugwira ndani. Palibe anadzuka kukafola, anthu anawasiyira njira yonse. Titafika pa sindifulumira tchalitchi chinati zii, ndipo m'kachetechete mmenemo munkangomveka ndodo ndi mapazi osavala a amayi anga akukhwekhwereza pasimenti. Ine pamenepo ndinalira mokweza, osasamala za wojambula.

Pamwambo wathu mkazi wamkulu ndiye amatsogola pa chilichonse, ndipo amayi anga sanaphwanyepo zimenezo ngakhale potunga madzi. Atafika paguwa anabwerera m'mbuyo pang'ono kuti amayi akulu ayambe. Amayi akulu anawakankhira kutsogolo, nalankhula mokweza poti makutu anali atayamba kuwavuta, moti tonse tinamva:

"Tsogolani, amake mwana. Mwakoka chingwe mokwanira."

Amayi anatambasula manja awo aja, okhakhala, a mizere yakuda imene fodya anasiya, nalandira.

Lamulungu lotsatira ndinali ndikadali kumudzi, ndipo ndinkayembekeza kuti tsopano akakhala kutsogolo ndi anzawo a msinkhu wawo. Ndinawapeza pabenchi yomwe ija. Ndinayamba kuwakalipira monga mwa chizolowezi changa, kuti kodi matsachewa anakulodzani? Anangondilozera ndi maso. Pabenchipo panali azimayi ena atatu amene ine sindinawaonepo bwinobwino zaka zonsezo, wina wamng'ono kwa ine, mwana ali kumsana, onse a nkhani yofanana ndi ya amayi. Nthawi itakwana amayi anayambitsa nyimbo, anapita kukalandira chakumapeto kwa mzere, n'kubwerera kudzakhala pakati pawo. Anachita zimenezi mpaka miyendo inawakanika.

Onse awiri anatisiya tsopano, amayi akulu ndiwo anatsogola, ndipo manda awo ndi oyandikana. Chilolezo chonena ndinapatsidwa pakhonde paja, ndiye ndanena. Oimba a pawailesi aja kupuma kuja anakuchotsa, mwina anaona ngati kukuwatayitsa nthawi. Ine m'minibasimo, atafika pa sindifulumira, ndinatseka pakamwa ndekha mpaka chingwe chitadutsa.